Down wa underquilt yosoka nokha: wogula, wophwasula m'zakale, kapena kungomusiya?

Munthu wogona panja koyamba mu hammock, nsalu yogonamo yomangirira pakati pa mitengo iwiri, amadabwa kuti chisanu chikumulowera kumsana pomwe pamwamba wafunda bwinobwino. Bulangete lingachindikale motani, mbali imene waigonera imaphwatalala ndi thupi lake, mpweya wosunga kutentha n'kuthawamo. Ndiye kunsi kwa hammock kulibe nthaka yotchinga, kuli mphepo yokhayokha imene ikungodutsa usiku wonse. Ngakhale usiku wa madigiri 18, umene pabedi simungaudandaule, m'bandakucha msana umakhala utazizira.

N'chifukwa chake anthu amasoka underquilt, chofunda chopachika kunja kwa hammock, kunsi kwake, kuti chikumbatire msana popanda kuchigonera. Kwa munthu wodziwa kuyendetsa makina mowongoka, kusokako si nkhani. Nsalu, ulusi ndi lastiki sizidya ndalama zambiri. Ndalama imathera pa chothiramo, makamaka ngati mukufuna down, tinthenga tofewa topanda phesi timene timamera pachifuwa ndi pamimba pa abakha ndi atsekwe, kunsi kwa nthenga zikuluzikulu.

Musanayambe kusaka, werengerani

Ambiri amayamba ndi kufunsa komwe kuli down wotchipa. Funso loyamba likhale lakuti: ndikufunika magalamu angati? Chifukwa chimene chimakutenthetsani si kulemera kwa down ayi, koma kufufuma kwake, ndiye kuti malo amene amadzaza akatukumuka. Ogulitsa amakulemberani nambala yotchedwa fill power, monga 550, 650, 800 kapena 900. Nambalayi imanena kuti down wolemera ounce imodzi, yomwe ndi magalamu 28 ndi pang'ono, amadzaza ma cubic inch angati. Kuti musavutike ndi miyezo yachilendoyi, chulukitsani fill power ndi 0.58, mupeza ma cubic centimetre amene galamu imodzi imadzaza. Down wa 800 amadzaza pafupifupi 460 pa galamu, wa 600 amadzaza pafupifupi 350.

Kenako ganizirani za kuzizira kumene mukukagonako. Osoka zinthuzi ali ndi kawerengedwe kongoyerekeza: kufufuma kwa masentimita awiri ndi theka kumakwanira usiku wa madigiri 10, masentimita 4 usiku wa madigiri 4 kapena 5, masentimita 5 madzi akamayandikira kuundana, ndipo 6 kapena 7 kukafika pa madigiri 7 kunsi kwa ziro. Ngati ndinu wamva chisanu, onjezerani, matupi amasiyana.

Tiyeni titenge underquilt yotalika masentimita 200, m'lifupi 110, yofufuma 5. Kuchulukitsa zonsezi kukutipatsa ma cubic centimetre 110,000. Ndi down wa 800 mufunika magalamu pafupifupi 240, ndi wa 600 pafupifupi 315. Pamenepa muwonjezere gawo limodzi mwa magawo asanu kuti down asamasunthe n'kusiya malo opanda kanthu, ndiye tinene 290 ndi 380. Mukasoka yaifupi, yoyambira m'mapewa kulekeza m'mawondo, ya masentimita 130, mufunika pafupifupi 185 kapena 245 basi, miyendo n'kuitsamiritsa pa kachidutswa ka siponji. Kufupikitsa kumeneku ndi njira yaikulu yopulumutsira ndalama, koma anthu saikumbukira.

Masamu omwewa akutiuzanso china. Down wa 600 ndi wotchipadi pokhapokha ngati mtengo wake pa galamu sukufika magawo atatu mwa anayi a mtengo wa down wa 800. Ukapitirira pamenepo, mwalipira zambiri kuti munyamule katundu wolemera.

Wogula watsopano

Pali makampani ogulitsa zipangizo kwa anthu osoka okha katundu wa kutchire, monga Ripstop by the Roll ku America ndi Extremtextil ku Germany, ndipo down amamugulitsa m'timatumba toyeza kale. Ubwino wake ndi woonekeratu: mukudziwa chimene mwagula. Ndi wochapa, wosankhidwa, alibe fungo, fill power yake yalembedwa, ndipo masamu anu aja amagwira ntchito ndendende. Ngati mukufuna underquilt ya kumalo ozizira kwambiri, komwe kulakwitsa kungakuikeni pangozi, ine ndingati musayang'anenso kwina.

Kutchipitsa njira imeneyi n'kotheka. Choyamba, musakakamire atsekwe. Down wa bakha wa 750 kapena 800 amatenthetsa mofanana ndi wa tsekwe wa nambala yomweyo, ndipo kawirikawiri mtengo wake ndi wotsika chifukwa abakha amaphedwa ambiri padziko lonse, makamaka ku China komwe kumachokera down wochuluka. Atsekwe a ku Poland ndi ku Hungary ali ndi mbiri yawo, koma mbiriyo mumailipira. Chachiwiri, mtundu. Down wotuwa ndi woyera amatenthetsa chimodzimodzi. Woyera amafunidwa chifukwa saonekera m'nsalu yowala. Sankhani nsalu yakuda, gulani wotuwa. Chachitatu, musathamangire 900. Kuchoka pa 800 kufika pa 900 mumapulumutsa magalamu ochepa kwambiri, mwina 30 pa underquilt yonse, koma mtengo umalumpha.

Aliponso down wokonzedwanso kuchokera m'zofunda zakale, amene mafakitale amamuchapa, kumupha tizilombo ndi kumusankha. Amakonda kukhala wa 600 kapena 700. Ndi wabwino ndithu mukamupeza.

Samalani ndi ogulitsa a pa intaneti opanda dzina, olemba manambala akuluakulu pamtengo wokayikitsa. Fill power imayezedwa m'malabotale monga IDFL, ndipo wogulitsa woona sazengereza kukuonetsani pepala la zotsatira. Yang'ananinso manambala awiri olembedwa ngati 90/10 kapena 80/20: yoyamba ndi down weniweni, yachiwiri ndi nthenga wamba. Kwa amene zimamukhudza mmene mbalamezo zinasungidwira, pali chizindikiro cha Responsible Down Standard, chimene chinayamba mu 2014, choletsa kuzula nthenga mbalame ili moyo komanso kuidyetsa mokakamiza.

Wophwasula m'zinthu zakale

Apa ndi pamene pali phindu lenileni, komanso ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Down wosamalidwa bwino amatha zaka makumi asanafe. Chimene chimatha msanga ndi nsalu, zipi ndi fashoni. Choncho m'zovala ndi zofunda za kaunjika mumabisala down wabwino amene mwini wake anamutaya chifukwa cha kabowo ka pachigongono. Koma zinthu zakalezi sizifanana ngakhale pang'ono.

Sleeping bag yakale ya down, thumba logonamo la kutchire, ndiyo mfumu ya zonse. Yopangidwira kuzizira kwapakati imatha kukhala ndi magalamu 400 mpaka 600, okwanira underquilt yathunthu n'kutsalako. Amene anaipanga ankafuna yopepuka, ndiye sakanathiramo nthenga za maphesi. Chinanso, mwina simufunika n'kuiphwasula komwe. Ngati ndi ya makona anayi yotseguka ndi zipi kuzungulira, itsegulani, chotsani zipiyo, sokani timipata m'mbali zonse zinayi mopinda nsalu, lowetsanimo lastiki, mwamaliza. Yowonda kumiyendo ija imavutirapo, koma nayo imatheka mukadula chipewa chake n'kutseka bwino. Zipinda zake, timagawo tosungiramo down, zinasokedwa kale ndi akatswiri, nsalu yake ndi yosatulutsa down. Ntchito imene ikanakutengerani masiku mwaidumpha.

Majekete ndi osavuta kuwapeza, koma ali ndi down wochepa kuposa mmene maso amaonera. Jekete lopepuka la timizere tating'onoting'ono limakhala ndi magalamu 100 kapena kucheperapo, ndipo pochotsa simungamupeze yense. Wina amakanirira m'misoko, wina amauluka. Lalikulu la kumalo achisanu choopsa limatha kufika 200 kapena 300. Ndiye pa underquilt imodzi konzekerani majekete atatu kapena anayi, aliyense ndi down wa mtundu wake. Kusakaniza si vuto, bola musakanize bwino musanathire, kuti chipinda china chisakhale chofufuma china chofwapa. Njira iyi ndi ya munthu wosathamanga, wotola limodzi lero lina mwezi wamawa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Maduveti, zofunda zochindikala za pabedi, ali pakati. Lina mumapezamo down woposa theka la kilogalamu, wabwino zedi. Lina ndi nthenga zokhazokha zothira down wongonunkhiritsa. Popeza duveti silinyamulidwa kumsana, opanga sadera nkhawa kulemera, ndiye amatha kuika 50/50 ngakhale 30/70. Chikalata chosokedwa m'mbali chija ndicho chikuuzeni. Chikanena 80 kapena 90 pa 100 aliwonse, tengani osachedwa.

Mapilo ndiwo msampha. Amaoneka odzaza, ndi otchipa, ndipo chikalata chimatchula bakha kapena tsekwe. Koma pilo amafuna kulimba kuti achirikize mutu, ndipo kulimbako kumachokera ku nthenga za maphesi. Ena anapangidwa ndi zipinda zitatu, down pang'ono kunja, pakati nthenga zokhazokha. Nthengazi zimalemera, sizifufuma, ndipo maphesi ake amaboola nsalu yopyapyala ya underquilt n'kusiya timabowo totulukira down weniweni. Kusankha ndi manja kuti mupatule down m'menemo ndi ntchito yoti munthu angayambe kulankhula yekha. Asiyeni mapilo akhale mapilo.

Pogula chakale chilichonse, manja ndi mphuno zigwire ntchito. Tsinani malo angapo: mukamva timaphesi tambiri tobaya, bwezani. Finyani mbali ina m'dzanja n'kuisiya. Down wamoyo amadzuka pang'onopang'ono mpaka kudzaza, pomwe ulusi wa poliyesitala umabwerera nthawi yomweyo ndipo umamveka woterera mofanana paliponse. Chikwezeni padzuwa muone ngati m'zipinda muli mipata yowala. Mawu ngati "down alternative" kapena "down touch" akutanthauza kuti mulibe down ngakhale mmodzi. Fungo la thukuta lisakuopseni, limachoka. Fungo la chuku ndiye loipa, chifukwa down amene anakhala wonyowa nthawi yaitali amakhala atawola. Ndipo ngati mukamenya chikutulutsa fumbi loyera, down wake anaduka kale, kuchapa sikungamudzutse.

Chapani chinthucho chisanaphwasulidwe, down akadali m'nsalu yake. Sopo wa ufa wamba amachotsa mafuta achilengedwe a down n'kumuumitsa, ndipo mankhwala ofewetsa zovala amamumata. Gwiritsani ntchito sopo wopangidwira down, monga wa Nikwax, kapena sopo wamadzi wosalimba, n'kutsukuluza kangapo. Kuyanika ndiko kofuna mtima wautali. M'makina oumitsira, ikani moto wochepa ndi timipira ta tenisi tiwiri kapena titatu kuti tiziswa zibuma. Ngati mulibe makina, yanikani chogoneka pamalo opita mphepo, muzimwaza zibumazo ndi zala maola angapo aliwonse, kwa masiku. Kunja kukauma musakhulupirire. M'kati mwa chibuma mumakhalabe madzi. Mudzadabwa kuona mmene down wooneka wakufa amadzukira akachoka litsiro.

Vuto la down wakale ndi lakuti nambala yake simuidziwa, kapena yolembedwayo inatsika ndi zaka. Yezani nokha. Tengani magalamu 10 pa sikelo yaing'ono, thirani m'chidebe chowongoka chimene mukudziwa malita ake, takasani, vundikirani ndi kapepala kolimba kopepuka, dikirani pang'ono. Akadzaza malita atatu ndi theka, ali cha m'ma 600. Akafika anayi ndi theka, akuyandikira 800. Si muyezo wa labotale, ndipo umakonda kukometsa, choncho chotseraniko pang'ono. Komabe ndi bwino kusiyana ndi kungolota.

Tibulangete ta down topangidwa kale

Masitolo ena akuluakulu amagulitsa tibulangete topyapyala ta down tofunda pampando. Kotchuka kwambiri pakati pa ogona mu hammock kanali ka ku sitolo ya ku America ya Costco, ka masentimita pafupifupi 150 ndi 180, ka fill power 700. Anthu amakapinda m'mbali, kulowetsa lastiki, underquilt yatha tsiku lomwelo. Cholakwika chake ndi kasokedwe: nsalu yapamwamba ndi yapansi zinalumikizidwa mwachindunji m'timabokosi, ndiye pamsoko uliwonse palibe down, chisanu chimadutsa pomwepo. Ena amasula misoko ya mbali imodzi kuti timabokosi tisanduke mizere yaitali, kenako n'kukankhira down pakati ndi kuchepetsa m'lifupi. Ena amaphatikiza tiwiri mosemphanitsa misoko. Kamodzi kokha ndi ka usiku wofunda, wosatsika madigiri 10. Kwa woyamba kumene, ndi poyambira pabwino. Kwa wopita kuphiri nyengo yozizira, ayi.

Wozula nokha

Funso ili silisowa: nanga amene amaweta abakha kapena amadziwana ndi owapha, sangatole yekha? Angathe, koma adziwe chimene akulowamo. Mbalame imodzi imapereka down wochepa kwambiri, ndipo abakha a nyama amaphedwa ali ndi milungu yowerengeka, down wawo asanakule. Wofufuma bwino amachokera ku mbalame zazikulu zokhwima. Down wosachapa ali ndi mafuta, magazi ndi tizilombo, ndipo akangomva chinyezi fungo lake simungagone nalo. Mafakitale amamuchapa kangapo, kumuumitsa pa moto woposa madigiri 100, kenako kumuuluzira m'zipinda zamphepo momwe wopepuka amagwera kutali, nthenga zolemera n'kugwera pafupi. Kunyumba zonsezi muchita ndi manja. Pali matenda a chimfine cha mbalame oti muwaganizirenso. Za nkhuku musayese n'komwe, nthenga zake sizigwira ntchito imeneyi. Kwa ine, iyi ndi njira ya munthu amene akusangalala ndi ntchitoyo payokha, osati wofuna kupulumutsa ndalama.

Kapena musiyeni down

Pali nthawi imene yankho labwino ndi kusamufuna n'komwe. Underquilt imakhala kunja, pafupi ndi nthaka, komwe mame ndi madontho odumpha a mvula amafika. Down akanyowa amamatana, kutentha n'kutheratu, ndipo kuuma kwake n'kochedwa. Alipo down wothiridwa mankhwala okana madzi, amathandizako pa chinyezi, koma sasanduka lona.

Chothiramo chopangidwa m'fakitale, chosachokera ku mbalame, cha mtundu wa Climashield Apex chimagulitsidwa ngati chinsalu chochindikala, choyezedwa pa mita. Simufunika zipinda, simufunika nsalu yapadera, palibe chouluka. Mumangochiika pakati pa nsalu ziwiri, kusoka m'mphepete, kutembenuza. Cholemera magalamu pafupifupi 170 pa sikweya mita chimafikitsa munthu pafupi ndi madigiri ziro, ndipo cha theka lake chimakwanira madigiri 10. Chikanyowa chimatenthetsabe pang'ono ndipo chimauma msanga. Zoipa zake ndi ziwiri: chimatenga malo ambiri m'chikwama, ndipo mukamachifinya kawirikawiri chimafwapa pakapita zaka zochepa, osadzukanso, pomwe down amakhala akadalipo. PrimaLoft, mnzake wa Apex amene anapangidwira asilikali a ku America m'zaka za m'ma 1980, ndi wofewa kuposa Apex koma amafuna kumusokerera pafupipafupi kuti asang'ambike.

Thonje ndi usufu ndi zotchipa, koma musazithire. Thonje limamwa madzi ndipo limalemera. Usufu umaduka n'kusanduka fumbi ukafinyidwa kangapo, komanso umagwira moto mosavuta. Ngati thumba lakana zonse, kamphasa ka siponji yosamwa madzi koyala m'kati mwa hammock kamatchinga chisanu ndithu, ngakhale kamaterereka ndi kuchititsa thukuta kumsana.

Ndikanakhala kuti ndikusankhira munthu wosoka koyamba, ndikanamuuza ayambe wasaka sleeping bag yakale ya down yoti angoisintha, ndipo ikasowa atenge Apex. Kugula down watsopano kubwere pa underquilt yachiwiri, atadziwa kale kutalika ndi kupachika kumene kumamuyenera, chifukwa down wodula wothiridwa m'chinthu chosakhala bwino kumsana ndi ndalama yotayika. Mpata wa chala chimodzi pakati pa hammock ndi underquilt umalowetsa chisanu chimene fill power ya 900 singachithetse.

Mukasankha down, nsalu musaitchipitse

Kulikonse kumene mwamutenga, down amafuna nayiloni yolukidwa mothinana, imene inapsinjidwa ndi zitsulo zotentha mbali imodzi mpaka kunyezimira. Iyeseni ndi pakamwa: ikani pamilomo, puzirani. Mpweya uzidutsa movutikira. Ukadutsa mosavuta, down adzatuluka; ukapanda kudutsa n'komwe, chinyezi cha thupi chidzatsekeredwa m'kati ndipo underquilt sidzafufuma mukaitulutsa m'chikwama. Singano ikhale yaing'ono ndi yakuthwa, misoko yothinana.

Kuti pasakhale misoko yozizira ija, zipinda zimalekanitsidwa ndi timakoma ta neti yopyapyala ya maso ang'onoang'ono, tosokedwa pakati pa nsalu ziwirizo. Zipinda zikhale za masentimita 12 mpaka 15 m'lifupi. Nsalu yakunja idulidwe yotambalala kuposa yam'kati, chifukwa underquilt imapindika mozungulira thupi. Zikafanana, yakunja imakoka n'kuphwatalitsa down yemwe mwamuvutikira uja.

Pothira, tsekani mazenera, zimitsani fani, valani chotchinga mphuno. Ena amalowa mu tenti n'kutseka zipi, ena amathirira m'bafa momwe n'kosavuta kutola wouluka. Gawani magalamu onse ndi chiwerengero cha zipinda, koma za pakati, zimene zimakhala pansi pa msana ndi matako, muzipatseko ochulukirapo kuposa za m'mbali. Ikani thumba la down pa sikelo, muzichotsa pang'onopang'ono mpaka nambala itatsika ndi magalamu a chipinda chimodzi. Kuyeza chotsala n'kosavuta kuposa kuyeza chimene chili m'dzanja. Lowetsani dzanja mpaka pansi pa chipinda musanamutaye, kenako tsekani pakamwa pake ndi mapegi oyanikira zovala musanapite ku china. Zonse zikadzaza, musasoke msanga. Ikutumuleni, igonekeni pansi usiku umodzi, m'mawa muyeze kufufuma kwa chipinda chilichonse ndi rula. Chofwapa muchionjezere pakamwa pakadali potsegula, kenako musoke mizere iwiri.